Kugona Pafupi ndi Koleji Kapena Kuyendera

Dzina la mwana likatuluka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku koleji, pakhomo pamakhala nthungululu. Pakapita masiku angapo, akuluakulu amakhala pansi n'kufunsana kuti mwanayo azikagona kuti. Fizi imadziwika chifukwa imalembedwa pakalata. Malo ogona, chakudya ndi maulendo a tsiku ndi tsiku sizilembedwa paliponse, chonsecho ndi zimene zimadya ndalama mwezi ndi mwezi mpaka maphunziro atatha.

Mabanja ambiri amapezeka ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yoti wophunzirayo akapeze kachipinda pafupi ndi koleji, m'katauni kamene moyo wake wonse umadalira sukuluyo. Yachiwiri ndi yoti akakhale kwa malume, azakhali kapena mkulu wake m'tauni yaikulu, azikwera m'mawa n'kubwerera madzulo. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Wina umaoneka msanga chifukwa umatuluka m'thumba, wina umabisala mu nthawi yotayika ndi m'kutopa kwa thupi. Banja losankha bwino ndi limene lawerengera mitengo yonseyi mwana asananyamule chikwama.

Sukulu yogonera konko, yoyendera ndi selofu

Kusankha kumeneku kumayambira ku sekondale. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana ofuna malo ku sekondale adachuluka, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo amene ankaphunzitsirapo maphunziro a MCDE adasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, zimene anthu amazitchula kuti ma CDSS. Ganizo lake lidali loti mwana azichokera kwawo. Koma midzi ina ili kutali moti mwana amatha maola awiri pamsewu asanafike m'kalasi. Makolo otere amamupezera kanyumba pafupi ndi sukulu, n'kumupatsa ufa, nyemba ndi poto kuti azidziphikira yekha. Kakhalidwe kameneka ndi kamene kamatchedwa selofu.

Ku koleji zinthu zitatu zomwezi zilipo. Pali ogona m'hositelo, imene ndi nyumba yogonamo ophunzira yomangidwa ndi sukulu. Pali ochita lendi kunja kwa mpanda, amene moyo wawo ndi wa selofu ndithu ngakhale ali aakulu. Ndiye pali oyendera. Magulu awiri oyambawo amagona pafupi, lachitatu limagona kutali, ndipo kusiyana kwa moyo wawo kumachokera pa mtunda umenewo.

Zimene asodzi a ku Mbenji amadziwa pa mtunda

Anthu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima adakumana ndi funso limeneli kalekale pa ntchito yawo ya usodzi. Chilumba cha Mbenji chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, makilomita pafupifupi 10 kuchokera kumtunda, ndipo anthu amakwerera padoko la Chikombe. Madzi ozungulira chilumbachi amadziwika ndi utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a derali akhala akutseka chilumbachi m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuti nsomba ziswane ndi kukula. Chimatsegulidwa mu Epulo ndi mwambo umene umakoka anthu ambiri.

Nyengo ikatsegulidwa, msodzi aliyense amasankha pogona. Wogona pachilumba amadzuka ali kale pamalo a ntchito. Wochokera kumtunda ayenera kuwoloka ulendo wopita ndi wobwerera: wopalasa ndi nkhafi amafika mapewa atatopa, wa boti la injini amawotcha mafuta asanaponye n'komwe chilimira m'madzi. M'miyezi ya mwera, nyanja ikakalipa, ulendowo umalephereka ndipo tsiku limapita pachabe. N'chifukwa chake eni zida ndi alovi awo ambiri amamanga misasa pachilumba pomwepo.

Kugona pachilumba nako kuli ndi zake. Banja limatsala kumtunda. Ufa, mchere ndi sopo zimachita kubwera pa boti. Anthu amathinana pamalo ochepa, ndipo pali malamulo okhwima: mowa, chamba ndi njuga nzoletsedwa, akazi saloledwa kufikako, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa chindapusa kapena kuthamangitsidwa. Amayi ogula nsomba amadikirira ku Chikombe.

Pa moyo wa asodziwa pali mfundo zitatu zimene zimagwiranso ntchito kwa wophunzira. Mtunda umalipiridwa nthawi zonse, kaya ndi ndalama, nthawi kapena mphamvu. Wogona pafupi ndi ntchito amasiya zina zabwino za kwawo. Ndipo malo amene alendo ambiri athinana amayenda bwino pokhapokha pali malamulo ndi anthu owayang'anira.

Tauni ya koleji

Tauni ya koleji ndi malo amene sukulu ya ukachenjede ndiyo mtima wa malonda, ntchito ndi mbiri yake. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: sukulu ikatsegula msika umadzadza, ikatseka ogulitsa amawodzera pamabenchi.

M'Malawi chitsanzo chakale kwambiri ndi Livingstonia. Robert Laws atayamba kumanga sukulu ya mishoni paphiri la Khondowe mu 1894, padabadwa mudzi wa aphunzitsi, amisiri ndi ophunzira ochokera kutali. Lero pamalopo pali Yunivesite ya Livingstonia, imene idatsegulidwa mu 2003. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Zomba. Koleji ya Chancellor idayambira ku Chichiri mu Blantyre mu 1965, n'kusamukira ku Chirunga mu Zomba mu 1973. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, kolejiyo idakhala imodzi mwa mizati yaikulu imene yagwiriziza Zomba. Pa kalembera wa 2018 mzindawu udali ndi anthu opitirira pang'ono 105,000, pamene Blantyre adali ndi oposa 800,000 ndipo Lilongwe adali ndi pafupifupi 990,000.

Makoleji ena adamangidwa kumidzi kwenikweni. Bunda, imene tsopano ndi likulu la yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ili makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa mzinda wa Lilongwe, kufupi ndi Mitundu. Yunivesite ya sayansi ya MUST idatsegulidwa mu 2014 pa Ndata m'boma la Thyolo, pafupi ndi msika wa Goliati. Koleji ya aphunzitsi ya Domasi ili kunja kwa mzinda wa Zomba, ndipo koleji ya zausodzi ili ku Mpwepwe m'boma la Mangochi. Ku Salima, koleji ya ntchito zamanja ya Salima Technical ili ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera paboma. Mnyamata wa ku Chikombe akapeza malo pakolejiyi, kuyendera kuchokera kwawo n'kosatheka. Atsala ndi kusankha kugona ku Senga Bay konko kapena kukhala kwa abale paboma la Salima n'kumakwera tsiku ndi tsiku.

Kunja kwa Malawi matauni otere alipo ambiri. Ku South Africa kuli Alice, kumene kuli Yunivesite ya Fort Hare, yoyambitsidwa mu 1916, imene Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere adaphunzirako. Kulinso Stellenbosch ndi Makhanda. Ku England kuli Oxford ndi Cambridge, kumene mayunivesite akhalako zaka zoposa 800. Mbali inayo kuli sukulu zimene zili m'kati mwa mizinda ikuluikulu, monga MUBAS ndi KUHeS mu Blantyre, kapena Yunivesite ya Zambia mu Lusaka. Sukulu zoterezi ndi zimene zimakhala ndi oyendera ambiri, chifukwa minibasi zimafika pakhomo pake kuchokera mbali zonse za mzinda.

Chifukwa chake mabedi adachepa

M'zaka zoyambirira za Yunivesite ya Malawi osankhidwa adali ochepa, ndipo wosankhidwa ankapeza bedi m'hositelo ndi chakudya m'kafeteriya. Funso la kogona silinkavutitsa makolo. Pamene ana omaliza Fomu 4 ankachuluka, mayunivesite adayamba kulandira ophunzira ambiri, kuphatikizapo olipira okha amene sankalonjezedwa bedi. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, makoleji a mipingo ndi a anthu wamba adatsegulidwa, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa kukhala mayunivesite atatu.

Kuwonjezera mipando m'kalasi n'kosavuta poyerekeza ndi kumanga hositelo. Mphunzitsi mmodzi atha kuphunzitsa anthu 50 kapena 200 m'holo imodzi, koma aliyense wa iwo amafuna bedi lake, madzi osamba ndi chimbudzi. Motero chiwerengero cha ophunzira chidathamanga kusiya mabedi m'mbuyo. Mu 2015 boma lidakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ngongole yake imathandiza pa fizi ndi pa zofunika zina, koma kupeza pogona kudatsala m'manja mwa wophunzira ndi abale ake. Anthu oyandikana ndi makoleji adaona mwayi, n'kuyamba kumanga midadada ya zipinda zochititsa lendi. Umu ndi momwe madera monga Chikanda mu Zomba ndi Luwinga mu Mzuzu adadzadzira ophunzira.

Moyo wa wogona pafupi

Phindu lalikulu la kugona pafupi ndi nthawi. Wophunzira amadzuka, kusamba, n'kuyenda wapansi mphindi zochepa. Phunziro la m'mawa likatha, atha kubwerera kukaphika n'kudzapezanso la masana. Madzulo amakhala mulayibulale mpaka itatsekedwa, ndipo akafuna intaneti ya sukulu amangopita kukakhala pakhonde la kalasi, osagula bandulo. Mphunzitsi akasintha nthawi ya phunziro mwadzidzidzi, uthenga umamupeza ali pafupi.

Phindu lachiwiri ndi anzake. Maphunziro a ku koleji sathera m'kalasi. Zambiri zimamveka usiku, pamene anthu anayi kapena asanu azungulira pepala la mayeso a chaka chatha, wina akufotokozera mnzake pomwe mphunzitsi adathamangapo. Masewero, makwaya, mabungwe a ophunzira ndi mapemphero zimachitikanso madzulo kapena Loweruka. M'menemo ndi momwe mumabadwa ubwenzi umene pambuyo pake umathandiza munthu kumva za ntchito.

Komabe walira mvula walira matope. Chipinda chochita lendi pafupi ndi koleji kawirikawiri chimakhala chaching'ono: mabedi awiri kapena matiresi pansi, chingwe chopachikapo zovala kuchokera pazenera kukafika pachitseko, thumba la ufa pakona litatsamira ndowa ya madzi, mbaula panja pakhomo, ndi soketi imodzi imene mafoni atatu ndi laputopu zimalimbirana. Bafa ndi chimbudzi n'zogawana ndi zipinda zonse za mdadadawo. Chifukwa ofuna zipinda ndi ambiri, eninyumba ena amalipiritsa pamutu m'malo molipiritsa pachipinda, amafuna ndalama za miyezi ingapo pakamodzi, ndipo ena amafuna lendi ngakhale pa tchuthi kuti chipinda chisapatsidwe wina.

Wogona pafupi amadzigulira chilichonse: makala, ndiwo, mafuta ophikira, sopo, mayunitsi a magetsi. Ndalama zikatha pakati pa mwezi palibe mphika wa azakhali woti akapemphepo. Ena amadya kamodzi patsiku, ndipo njala imalowa nawo m'chipinda cholembera mayeso. Palinso ufulu umene umabwera mwadzidzidzi. Mnyamata kapena mtsikana amene sadakhalepo yekha amapezeka palibe womufunsa kumene wachokera, malo omwera mowa ali pafupi, ndipo anzake ena amamukoka. Katauni kakang'ono kalinso ndi maganyu ochepa, motero wofuna kudzithandiza ndi ntchito yapambali amasowa pogwira.

Moyo wa woyendera

Woyendera amakhala pakhomo pa anthu. Salipira lendi, kapena amangothandiza pang'ono. Amadya nsima ya pabanja, akadwala pali womuthamangitsira kuchipatala, ndipo amakhala pamaso pa akuluakulu. Mzinda waukulu uli ndi misika yotsika mtengo, maofesi ndi makampani kumene angapeze ganyu kapena malo ophunzirira ntchito. Kwa banja limene silingathe kulipira nyumba ziwiri, kuyendera ndi kumene kumatheketsa kuti mwana aphunzire n'komwe.

Mtengo wake umayamba kuoneka m'bandakucha. Wokhala ku Area 25 mu Lilongwe amene amaphunzira ku Bunda ayenera kukwera minibasi yolowa m'tauni, kutsika kudepoti, n'kufunanso ina yolowera ku Mitundu. Wokhala ku Bangwe kapena ku Machinjiri mu Blantyre amalimbana ndi mpanipani wa magalimoto wa m'mawa asanafike ku koleji. Pasiteji, oitanira amakuwa kuti kwatsala malo a munthu mmodzi, koma minibasi siinyamuka isanadzadze. Wophunzira amakhala pampando wakumbuyo, chikwama pamiyendo, dengu la tomato la mayi wina litamupanikiza bondo, maso ali pafoni kuwerenga mphindi. Panjira dalaivala amaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Kuwerenga m'galimoto yotere n'kosatheka.

Madzulo ulendo womwewo umabwerezedwa, ndipo mantha a mdima amachititsa woyendera kunyamuka msanga, kusiya anzake akuyamba kukambirana za mayeso. Akafika kunyumba amapeza ntchito zikumudikira. Mwana wokhala kwa achibale sangakane kutumidwa, kutunga madzi kapena kulera ana, chifukwa akudya za eni ake. Pabalaza pali wailesi ya kanema ndi alendo, ndipo malo abata owerengera amapezeka anthu onse akagona.

Woyendera amakhudzidwanso msanga ndi zovuta za dziko. Mafuta a galimoto akasowa, minibasi zimachepa pamsewu ndipo mtengo umakwera tsiku lomwelo. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ndi ya maulendo idakwera, ndipo bajeti imene makolo adaikonza poyamba idasokonekera. M'dzinja mvula ya m'mawa imachedwetsa kabaza, ndipo misewu ya m'makwalala imasanduka matope.

Kuwerengera mtengo wonse

Mabanja ambiri amalakwitsa poyerekeza lendi yokha ndi kukhala kwaulere kwa achibale. Kuwerengera koyenera kuli ndi mbali zitatu.

Mbali yoyamba ndi ndalama. Kwa wogona pafupi, aphatikize lendi, chakudya, makala, magetsi, madzi ndi ulendo wopita kumudzi pa tchuthi. Kwa woyendera, atenge mtengo wa ulendo umodzi, kuphatikizapo kabaza ngati alipo, auchulukitse kawiri, kenako auchulukitse ndi masiku a sukulu pamwezi, amene amakhala pafupifupi 22. Awonjezerepo chakudya cha masana, chifukwa woyendera sabwerera kunyumba kukadya ndipo amagula chiwaya kapena mandasi, ndiponso bandulo yowerengera usiku. Nthawi zina zotsatira zake zimadabwitsa: thiransipoti ya mwezi wonse imatha kufanana ndi lendi ya chipinda chogawana ndi mnzake.

Mbali yachiwiri ndi nthawi. Munthu amene amatha ola limodzi ndi theka popita ndi ola limodzi ndi theka pobwerera amataya maola 3 patsiku. Pa masiku asanu amakhala maola 15, ndipo pa masabata 14 amakwana maola 210. Mnzake wogona pafupi, ngati ali wodzisunga, maola amenewo amawathera pabuku kapena pa tulo tokwanira. Ngati ali wotayirira, amawathera pa macheza, ndipo kugona pafupi sikumupindulira kanthu.

Mbali yachitatu ndi thupi ndi mtima. Kudzuka usikusiku tsiku lililonse kumafooketsa, ndipo munthu wotopa amamva theka la zimene mphunzitsi akunena. Ngozi zapamsewu, makamaka za njinga zamoto za kabaza, zimawopseza woyenda tsiku ndi tsiku. Wogona pafupi naye ali ndi zomuwopseza: chakudya chosakwanira, kusungulumwa, akuba othyola zipinda pofuna mafoni ndi malaputopu, ndi matenda obwera ndi kuthinana. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, udakumbutsa anthu kuti madzi abwino ndi chimbudzi chaukhondo n'zoyenera kuziona chipinda chisanalipiridwe.

Mtundu wa maphunziro nawo umasintha yankho. Wophunzira unamwino kapena udokotala amakhala ndi masiku ogwira ntchito usiku m'chipatala. Wa zaulimi amafunika kumunda wa sukulu kapena kukhola m'mamawa. Wa ukalipentala, zamagetsi kapena umakaniko amafunika nthawi yochuluka pa zipangizo zimene kunyumba kulibe. Kwa onsewa mtunda wautali umapweteka kwambiri kuposa kwa amene maphunziro ake ambiri ndi owerenga.

Anthu amene mtunda umawalemera mosiyana

Kwa mtsikana, njira zonse ziwiri zili ndi minga yake. Akamayendera, amabwerera kukada n'kudutsa m'tinjira topanda magetsi, ndipo kunyumba ntchito za kukhitchini zimagwera iye kuposa mchimwene wake. Akachita lendi, amakumana ndi amuna a ndalama amene amadziwa bwino nthawi ya mwezi imene matumba a ophunzira amauma. Makolo ambiri amakonda kuti mtsikana akhale kwa achibale, koma ayenera kufunsa ngati pakhomopo adzapatsidwa nthawi yowerenga, kuopa kuti angakasanduke wantchito wosalipidwa. Hositelo ya sukulu, kapena nyumba ya mpanda imene mumakhala atsikana okhaokha ndi mayi wowayang'anira, ndi imene imachepetsa nkhawa zambiri.

Wophunzira wa ulumali amavutika kukwera minibasi yodzadza ndiponso kuyenda m'tinjira ta miyala ta m'madera ochititsa lendi. Iye ndiye woyenera kukhala woyamba kupatsidwa bedi m'kati mwa mpanda. Ophunzira a chaka choyamba, amene sadziwa tauni ndipo alibe anzawo, nawonso amafunika kukhala pafupi.

Kwa munthu wapabanja kapena wapantchito, kuyendera nthawi zambiri ndiyo njira yokhayo. Mphunzitsi wa ku pulayimale wofuna digiri sangasiye ana ndi malipiro kuti akagone m'hositelo. Anthu otere amathandizidwa ndi maphunziro a madzulo, a kumapeto kwa sabata, kapena ophunzira uli kwanu, amene munthu amapita ku koleji kwa masabata ochepa n'kubwerera ndi mabuku ndi ntchito yokalemba. Yunivesite ya Mzuzu, LUANAR ndi koleji ya Domasi ndi zina mwa sukulu zimene zili ndi maphunziro otere. Njira imeneyi imachotsa lendi ndi maulendo a tsiku ndi tsiku, koma imafuna foni yabwino, magetsi ndi munthu wodziletsa.

Tauni ndi alendo ake

Ophunzira akagona pafupi, ndalama zawo zimatsala m'deralo. Mlimi amagulitsa tomato ndi masamba, mayi amaphika nsima yogulitsa, mnyamata amatsegula malo osindikizira mapepala, ometa tsitsi ndi a kabaza amapeza makasitomala, ndipo mwininyumba amalipirira ana ake fizi ndi lendi ya ana a anzake. Ana a m'mudzimo amakula akuona anthu onyamula mabuku, ndipo koleji imaleka kukhala chinthu cha kutali.

Kudalira sukulu imodzi kuli ndi ngozi yake. Koleji ya Chancellor itatsekedwa kwa miyezi yambiri mu 2011 pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ochita malonda mu Zomba adamva kuwawa. Sukulu zonse zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, zipinda zidakhala zopanda anthu m'matauni onse a makoleji, ndipo amene adamanga ndi ngongole adasowa pobwezera. Ngakhale m'chaka chabwino, tchuthi chilichonse ndi nyengo ya chilala kwa ogulitsa.

Pamakhalanso kukwiyitsana. Lendi ikakwera chifukwa cha ophunzira, mabanja a m'deralo amakankhidwira kutali. Phokoso la usiku, mavalidwe ndi kunyozera mafumu zimakhumudwitsa eni mudzi, pamene ophunzira nawo amadandaula kuti amakwezeredwa mitengo chifukwa choganiziridwa kuti ali ndi ndalama. Wophunzira ndi mlendo, ndipo akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kupereka moni, kupita pamaliro a m'dera ndi kudziwana ndi mfumu kumamutchinjiriza pa tsiku la mavuto.

Zoyenera kuchita asanasankhe

Banja lisanapereke ndalama kapena kulonjeza kwa achibale, wina apite akaone ndi maso. Ngati ndi chipinda, aone chitseko ndi loko, mawindo, denga ngati silidontha, komwe madzi amachokera, chimbudzi ndi chiwerengero cha anthu ochigwiritsa ntchito, ndiponso njira yopita ku koleji mmene imakhalira usiku. Mgwirizano ndi mwininyumba ulembedwe papepala: lendi ndi zingati, magetsi ndi madzi alipira ndani, za tchuthi zili bwanji, ndipo malipiro aliwonse akhale ndi lisiti. Mnzake wogona naye asankhidwe mosamala, chifukwa ndi amene adzagawana naye makala, tulo ndi mbiri.

Ngati ndi kuyendera, ulendowo uyesedwe pa tsiku la ntchito, nthawi yeniyeni ya m'mawa ndi yamadzulo, osati Lamulungu masana pamene msewu uli pululu. Makolo akambirane momasuka ndi eni khomo za chakudya, ntchito zapakhomo ndi malo owerengera, ndipo azitumiza thumba la chimanga kapena nsomba zouma kuti mwanayo asakhale mtolo. Chisankho sichiyenera kukhala chimodzi kwa zaka zonse. Ena amagona pafupi m'chaka choyamba n'kuyamba kuyendera atazolowera, ndipo oyendera ena amapeza pogona pafupi m'masabata a mayeso okha.

Udindo wa makoleji, makhonsolo ndi mafumu

Mbali ina ya vutoli siingathe ndi nzeru za banja lokha. Koleji imene yalandira wophunzira ili ndi udindo wodziwa kumene akugona, ngakhale kunja kwa mpanda. Ikhoza kuyendera nyumba zochititsa lendi, kusunga mndandanda wa zovomerezeka, ndi kukhala ndi ofesi yolandira madandaulo. Ikhozanso kupepuza oyendera pokonza ndondomeko ya maphunziro yosasiya maola ambiri opanda kanthu pakati pa tsiku, kupereka malo osungira katundu ndi opumulira, ndiponso kugwirizana ndi eni mabasi kuti pakhale galimoto yonyamuka pa nthawi yodziwika.

Makhonsolo a mizinda ndi a maboma ndi amene amavomereza mapulani a nyumba, motero angathe kuonetsetsa kuti mdadada wa zipinda khumi usakhale ndi chimbudzi chimodzi, ndiponso kuti misewu yolowera m'makoleji ikhale ndi magetsi. Mafumu ndi makomiti a chitetezo cha m'madera angathe kukhala pamodzi ndi atsogoleri a ophunzira kumayambiriro kwa chaka n'kugwirizana za phokoso, malo omwera mowa ndi kulondera usiku. Boma ndi mabizinesi akamamanga mahositelo atsopano, mitengo yake iyenera kufikirika ndi mwana wa mlimi ndi wa msodzi, ndipo mabedi oyamba apite kwa a ulumali, atsikana, a chaka choyamba ndi ochokera m'maboma akutali.